Ndasintha fayilo ya hosts, koma Chrome ndi Outlook zikupitabe ku seva yakale

Funso: Ndili ndi bizinesi yotumiza katundu kuchokera kuno ku Johannesburg kupita ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo makasitomala ambiri amatipeza kudzera pa webusaiti ndi pa imelo. Mwezi uno tikusamutsira webusaitiyi ndi maimelo ake ku kampani ina yosunga mawebusaiti. A kampani yatsopanoyo anandiuza kuti ndilembe mzere umodzi mu fayilo ya hosts kuti ndione ngati zonse zili bwino tisanasinthe DNS, kaundula wa pa intaneti amene amauza makompyuta adiresi ya dzina lililonse. Ndinalemba mzerewo pa laputopu yanga ndi pa kompyuta ya mu ofesi, zonse za Windows 11. Pa laputopu, ping ikuonetsa adiresi yatsopano koma nslookup ikuonetsa yakale, Chrome ikutsegulabe webusaiti yakale (ndikudziwa chifukwa mitengo yatsopano tinaiika pa seva yatsopano pokha), ndipo imelo imene ndinadzitumizira pa Outlook inakafikira m'bokosi lakale. Pa kompyuta ya mu ofesi palibe chasintha ngakhale pang'ono. Disembala wayandikira, nthawi imene anthu amatumiza katundu wambiri kumudzi, ndipo ndikuopa kutaya maimelo a makasitomala. Kodi ndalakwitsa pati? Ndine wowerenga wa ku Rosettenville.

Yankho: Zikomo bambo chifukwa chofotokoza bwino lomwe zimene mwaona, pakuti zimenezi zachepetsa ntchito yofufuza. Choyamba mtima ukhale m'malo: pa laputopu paja simunalakwitse kalikonse polemba fayiloyo, ndipo umboni wake ndi ping imene ikuonetsa adiresi yatsopano. Zimene zakuchitikiranizi zikuoneka ngati vuto limodzi, koma ndi mavuto osiyanasiyana amene angokumana tsiku limodzi, ndipo onse amamveka bwino munthu akazindikira kuti fayilo ya hosts ili ndi mphamvu zochepa kwambiri kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Imayankha funso limodzi lokha, lakuti dzina ili nambala yake ndi iti. Imayankha pa kompyuta imodzi yokha, imene fayiloyo ilipo. Ndipo imayankha pulogalamu yokhayo imene yabwera kudzafunsa. Choncho nthawi iliyonse pulogalamu ikaoneka ngati yanyalanyaza fayiloyi, chofunika kufufuza n'chakuti ndani akufunsa dzinalo, akulifunsa kuti, ndipo mwina sakufunsa n'komwe chifukwa ali ndi yankho lakale m'mutu.

Fayiloyi ndi yakale kuposa DNS. M'zaka za m'ma 1970, pa netiweki ya ARPANET, mayina a makompyuta onse ankalembedwa mu fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT, imene inkasamalidwa ndi gulu la Elizabeth Feinler ku Stanford Research Institute ku California, ndipo aliyense ankakopera fayiloyo n'kuiika pa makina ake. Makompyuta atachuluka njira imeneyi inakanika, ndipo mu 1983 Paul Mockapetris anakonza DNS, imene imagawa ntchitoyi kwa maseva ambirimbiri. Koma kafayilo kaja kanatsalabe pa kompyuta iliyonse, ngati kakope ka manambala a foni kamene munthu amasunga m'thumba: musanafunse aliyense mumayamba mwayang'ana m'kakopemo. Ukatuma mnyamata kuti akapereke kalata n'kungomuuza dzina la munthu, iye akafunsa njira payekha kumene akupitako, ndipo zimene zalembedwa m'kakope kako sizimukhudza. Chithunzi chimenechi muchisunge, chifukwa chibweranso pa nkhani ya Chrome ndi ya Outlook.

Tiyambe ndi kompyuta ya mu ofesi, kumene ngakhale ping sinasinthe, chifukwa kumeneko vuto lili mu fayilo yeniyeniyo. M'malo mwa dzina la bizinesi yanu ndigwiritsa ntchito example.com, ndipo 203.0.113.25 ikhala adiresi ya seva yatsopano. Dzinali ndi nambalazi zinapatulidwa kuti zizikhala zoperekera zitsanzo. Pa Windows fayiloyi imakhala mu C:\Windows\System32\drivers\etc ndipo dzina lake ndi hosts basi, popanda chilichonse kumapeto. Chimene ndimakumana nacho kawirikawiri n'chakuti munthu watsegula Notepad popanda mphamvu za administrator, Windows yakana kusunga mu foda imeneyo, ndiye Notepad yasunga hosts.txt mu Documents, kapena, ngati anaitsegula ndi mphamvuzo, yasunga hosts.txt pambali pa fayilo yeniyeniyo. Popeza Windows imabisa zilembo zakumapeto kwa mayina a mafayilo, munthu amaona mafayilo awiri onse olembedwa hosts, osadziwa kuti amene iye wasinthayo kompyuta saiwerenga n'komwe. Tsegulani Command Prompt, lembani type C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts, ndipo muone ndi maso anu ngati mzere wanu ulimo. Ngati mulibe, tsegulaninso Notepad posankha Run as administrator, ndipo potsegula fayiloyo musankhe All Files.

Ngati mzerewo ulimo, yang'anani kalembedwe kake. Adiresi imayamba, kenako mpata, kenako dzina: 203.0.113.25 example.com www.example.com. Musalembe https:// kutsogolo, musaike / kumapeto, ndipo nambala ya port ilibe malo mmenemu. Mzere woyamba ndi chizindikiro cha # kompyuta imaudumpha, ndipo anthu ambiri amatengera zitsanzo zimene zili kale mu fayiloyo pamodzi ndi # wake yemwe. Nyenyezi, monga *.example.com, sigwira ntchito, kotero dzina lililonse liyenera kulembedwa palokha. Palinso nkhani ya encoding: Notepad ikasunga fayiloyi ngati UTF-16, Windows imalephera kuiwerenga ngakhale kuti m'maso mwanu ikuoneka bwinobwino, choncho sankhani ANSI kapena UTF-8 wamba, osati amene walembedwa kuti with BOM. Mukatero lembani ipconfig /flushdns, kenako ipconfig /displaydns, ndipo dzina lanu liyenera kuoneka ndi adiresi yatsopano. Likapanda kuoneka, kapena mzere wanu ukasowa wokha patapita kanthawi, kayang'aneni antivirus, chifukwa ambiri mwa mapulogalamu amenewa amalondera fayiloyi ndi kubwezeretsa yakale, poti mavairasi nawonso amakonda kuisintha kuti anthu azipita ku mawebusaiti abodza a mabanki.

Za nslookup musadandaule nazo. Pulogalamu imeneyi inapangidwa kuti izifunsa mwachindunji kwa seva ya DNS, ndipo siyang'ana mu hosts ngakhale pang'ono. Chimodzimodzinso dig pa Linux ndi pa Mac. Adiresi yakale imene ikukuonetsaniyo ndi yoona, chifukwa ndiyo imene dziko lonse likuona mpaka pano, kuphatikizapo makasitomala anu. Ndaona anthu akutha masana onse akulimbana ndi fayilo imene inali yolondola kale, chifukwa chokhulupirira nslookup. Zida ziwirizi muzigwiritse ntchito limodzi: ping ikuuzani zimene kompyuta yanu ikudziwa, nslookup ikuuzani zimene anthu ena onse akudziwa.

Tsopano Chrome pa laputopu. Musanayambe kufufuta chilichonse, pezani kaye umboni wa kumene tsambalo likuchokera. Dinani F12, sankhani Network, tsegulaninso tsambalo, dinani mzere woyamba umene waoneka, ndipo pansi pa Headers mupeza Remote Address. Nambala imene ili pamenepo ndiyo imene Chrome yalankhula nayo. Ikakhala 203.0.113.25, ndiye kuti hosts yagwira ntchito yake, ndipo mitengo yakale mukuionayo ikuchokera pa seva yatsopano yomweyo, mwina chifukwa webusaiti ili ndi cache yakeyake, nkhokwe ya masamba osungidwa kale, imene sinafufutidwe. Ngati pafupi ndi mzerewo palembedwa kuti from disk cache kapena from service worker, nthawi zambiri ndiye kuti Chrome sinapite kulikonse, yangokutulutsirani tsamba limene inasunga pa laputopupo, ndipo dzina lija sinalifunse kwa aliyense. Pamenepo Ctrl, Shift ndi R pamodzi zimaikakamiza kukatenganso, ndipo windo ya Incognito imayamba yopanda zosungidwa zakale. Yang'ananinso dzina limene lili pamwamba pa tsamba mutatha kutsegula. Mawebusaiti ambiri amamutumiza munthu kuchoka ku example.com kupita ku www.example.com, ndipo browser imakumbukira kutumiza kwa mtundu wa 301 kwa nthawi yaitali. Ngati a kampani aja anakupatsani mzere wa dzina limodzi lopanda www, mukungodutsa pa seva yatsopano n'kukafikira pa yakale osazindikira.

Ngati Remote Address ikuonetsa adiresi ya seva yakale, pali zinthu ziwiri zimene Chrome imasunga payokha, zimene ipconfig /flushdns saikhudza. Ili ndi kaundula wake wa mayina amene yafunsa posachedwa, ndipo ameneyu mumamufufuta potsegula chrome://net-internals/#dns n'kudina Clear host cache. Chachiwiri, chimene anthu ambiri sachidziwa, n'chakuti browser ikalumikizana ndi seva siidula msanga kulumikizanako, imakusiya kotsegula kuti ikugwiritsenso ntchito. Zili ngati munthu amene ali kale pa foni ndi mnzake: ngakhale musinthe nambala m'kakope kaja, iye apitiriza kulankhula ndi amene anamuimbira poyamba mpaka foniyo itadulidwa. Kudula kwake ndi chrome://net-internals/#sockets, pa batani la Flush socket pools. Pa Edge mumalemba edge:// m'malo mwa chrome://, ndipo pa Firefox muli about:networking#dns. Kutseka browser yonse kumachitanso zomwezi, bola mutsimikize mu Task Manager kuti yatsekekadi, pakuti Chrome imatha kupitiriza kugwira ntchito mobisika windo yake itatsekedwa.

Zikakanikabe, ine ndimakayikira proxy ndisanakayikire china chilichonse, ndipo apa ndi pamene mnyamata wotumidwa uja akubwerera. Browser ikamadutsa pa proxy, siifunafuna yokha adiresi ya webusaiti. Imangopereka dzina kwa proxy, ndipo proxyyo, imene ndi kompyuta ina kwinakwake, ndiyo imakafunsa ku DNS. Fayilo yanu ya hosts ilibe mwayi woyankha. Ndinakumana nazo pa ofesi ina ku Randburg, kumene mayi wina wakwathu amasunga mabuku a ndalama. Ping inali bwino, fayilo inali bwino, cache tinafufuta kangapo, koma tsamba lakale silinasunthe. Nditayang'ana Remote Address ndinapeza nambala yachitatu, yosakhala ya seva yakale kapena yatsopano. Pakona ya browser panali kachizindikiro kobiriwira ka VPN yaulere imene mwana wawo anaikamo pa tchuthi, ndipo mayiwo ankaganiza kuti ndi mbali ya Chrome. Titaizimitsa, tsamba latsopano linatseguka nthawi yomweyo. Ma VPN ambiri oikidwa mu browser ngati extension kwenikweni ndi ma proxy, ndipo VPN imene imabwera kale mu Opera ili chimodzimodzi. Proxy ya kompyuta yonse mumaiona mu Settings, pansi pa Network & internet, pa Proxy, ndipo antivirus ina imene imasefa mawebusaiti imaima pakati mwanjira yofananayo.

Mudzamva ambiri akuloza chala DNS over HTTPS, njira imene inakhazikitsidwa mu 2018 yoti browser izifunsa mayina mobisa kwa seva yakeyake, imene Firefox inayamba kuiyatsa yokha kwa anthu a ku America mu February 2020. N'zoona kuti Firefox yakale, njirayi ikayatsidwa, inkatha kudumpha hosts. Koma Chrome ndi Firefox za masiku ano zimawerenga fayiloyi zisanapite kunja, choncho m'kuona kwanga njirayi imanamiziridwa nthawi zambiri pa mlandu wa proxy kapena wa cache. Kuizimitsa kwa mphindi zochepa poyesa sikulakwika, ndipo mu Chrome ili pa Privacy and security, Security, Use secure DNS, koma mukatha muiyatsenso. China chaching'ono ndi IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi a pa intaneti: ngati dzina lanu lili ndi adiresi ya IPv6 mu DNS, makina ena, makamaka a Mac, amatha kutenga imeneyo n'kusiya ya IPv4 imene mwalemba, ndipo mankhwala ake ndi kuwonjezera mzere wachiwiri wa adiresi ya IPv6 ya seva yatsopano.

Pali njira yoyesera seva yatsopano imene sidalira hosts kapena browser, ndipo ine ndiyo ndimaikhulupirira kwambiri. Windows ili ndi curl kuyambira mu 2018. Lembani curl.exe -v --resolve example.com:443:203.0.113.25 https://example.com/ ndipo ipita ku adiresi imeneyo mosakhota, n'kukuonetsani zimene seva yayankha. Ikadandaula za satifiketi, chiphaso chotsimikizira kuti sevayo ndi ya dzina lanu, kapena Chrome ikakuchenjezani kuti kulumikizana sikotetezeka, imeneyo ndi nkhani yabwino pang'ono, chifukwa ikusonyeza kuti mwafika pa seva yatsopano. Satifiketi zaulere za Let's Encrypt nthawi zambiri zimaperekedwa pokhapokha makompyuta awo atayendera seva yanu kudzera mu DNS yeniyeni, choncho seva yatsopano imakhala ilibe satifiketi ya dzina lanu mpaka mutasamuka. A kampani yatsopano angathe kukopera satifiketi yakale, kapena kupeza ina potsimikizira dzinalo kudzera mu rekodi ya TXT mu DNS, ndipo ndi bwino kuwapempha zimenezi lisanafike tsiku losamuka.

Nkhani ya imelo ndiyo ikufunika kuifatsira, chifukwa ndi imene mukuiopa, ndiponso ndi imene hosts ili ndi mphamvu zochepetsetsa. Imelo imayenda maulendo awiri. Ulendo woyamba ndi wochoka pa Outlook kupita ku seva yotumizira imene inalembedwa mu akaunti yanu, kudzera pa port 587 kapena 465. Ulendo wachiwiri ndi wochoka pa seva imeneyo kupita ku seva ya wolandira, ndipo pofuna kudziwa kopita, sevayo imafunsa DNS za rekodi yotchedwa MX. Fayilo ya hosts ilibe malo olembamo MX; imadziwa dzina ndi nambala basi. Ndipo ngakhale ikanakhala nawo, amene akufunsayo si laputopu yanu, ndi seva ina imene ili kutali. Ndiye kasitomala akakulemberani kuchokera ku Gmail ali ku Limbe kapena ku Hillbrow, makompyuta a Google adzafunsa MX wa dzina lanu, adzauzidwa seva yakale, ndipo kalatayo idzapita kumeneko mpaka tsiku limene mudzasinthe DNS. Palibe chimene mungalembe pa laputopu chimene chingasinthe zimenezi.

Imelo imene munadzitumizira ija ikutiuza kanthu kena. Seva ikalandira kalata yopita ku dzina limene imalisunga yokha, kawirikawiri siifunsa n'komwe za MX, imangoiponya m'bokosi lake lomwe. Popeza kalata yanu inafikira m'bokosi lakale, n'kutheka kwambiri kuti Outlook inaipereka kwa seva yakale. Zifukwa zimene ndingayambe nazo ndi izi. Dzina limene Outlook imagwiritsa ntchito si example.com ayi, koma mwina mail.example.com, imap.example.com kapena smtp.example.com, ndipo mayina amenewa simunawalembe mu hosts. Nthawi zinanso akaunti inakonzedwa ndi dzina la seva ya kampani yakaleyo, losakhudzana n'komwe ndi dzina la bizinesi yanu, ndiye palibe mzere wa example.com umene ungaikhudze. Tsegulani Account Settings muwerenge mayina awiri amene ali pa incoming ndi outgoing. Kuwonjezera apo, akaunti ya IMAP, mtundu umene umawerenga makalata ali pa seva pomwepo, imasunga kulumikizana kwake kotsegula nthawi yaitali kuti makalata atsopano azifika msanga, kotero Outlook imene inali yotsegula pamene munkasintha fayilo imakhalabe pa foni ndi seva yakale mpaka mutaitseka. Kuti muone kumene ikulankhula, tsegulani Resource Monitor, pitani pa Network, ndipo pa TCP Connections muona adiresi imene ili pa mzere wa OUTLOOK.EXE. Mu PowerShell, Test-NetConnection mail.example.com -Port 993 ikuonetsani adiresi imene Windows yapeza ndiponso ngati khomo la seva latseguka.

Koma funso limene ndikanakufunsani tikanakhala pamodzi ndi lakuti Outlook yanu ndi iti. Pa Windows 11 pali mitundu iwiri, yakale ija ya mu Office, ndi yatsopano imene inalowa m'malo mwa pulogalamu ya Mail. Yatsopanoyi, mukaikamo akaunti ya IMAP, siilankhula ndi seva yanu mwachindunji: makompyuta a Microsoft ndiwo amakatenga makalata ku seva yanu, ndipo laputopu imawerenga kuchokera kwa Microsoft. Ndi mnyamata wotumidwa uja kachiwiri. Ngati ndiyo muli nayo, mukhoza kulemba mayina onse molondola mu hosts koma osaona kusintha kulikonse. Pa foni napo musayembekezere kanthu, chifukwa foni ili ndi fayilo yakeyake imene simungaisinthe mwachisawawa, ndipo kukhala pa Wi-Fi imodzi ndi laputopu sikuipatsa zimene mwalemba pa laputopupo. Samalaninso ndi njira yoti pulogalamu ikonze yokha akaunti mukangolemba imelo ndi pasiwedi. Outlook imafufuza kudzera mu autodiscover ndipo Thunderbird ili ndi njira yake yofanana, ndipo zonse zimadalira mayina ena ndi marekodi ena a mu DNS yeniyeni, motero zimatha kukubwezerani ku seva yakale mwakachetechete. Poyesa, lembani nokha dzina la seva ndi ma port.

Pano ndikuchenjezeni mwamphamvu, chifukwa apa ndi pamene anthu amalira. Musalembe mail.example.com mu hosts pa kompyuta imene ili ndi Outlook yanu ya tsiku ndi tsiku musanasunge makalata anu pena. Pa akaunti ya IMAP makalata enieni amakhala pa seva, ndipo zimene zili pa laputopu ndi chithunzi chabe cha zimene zili kumeneko. Outlook ikalumikizana ndi bokosi latsopano lopanda kanthu, imadzifananitsa nalo, ndipo mukhoza kutsegula m'mawa n'kupeza Inbox ili mbee, makalata onse a ma invoice ndi a katundu wa anthu osaoneka. Pa seva yakale amakhala alipobe, koma ngati mwatseka kale akaunti kumeneko, apita. Choncho yambani ndi File, Open & Export, Import/Export, n'kusunga makalata onse mu fayilo ya PST, ndipo fayiloyo muikopere pa flash kapena pa hard drive yapadera. Ngati akaunti yanu ndi ya POP3, ya pa port 995, makalata ali kale mu PST pa kompyuta yanu, komabe ikopereni.

Mmene ine ndikanachitira, Outlook ndikanaisiya osaikhudza kuti bizinesi izipitirira, n'kuyesa bokosi latsopano mwanjira ina. Chapafupi ndi webmail ya kampani yatsopano, pa adiresi imene iwo angakupatseni. Ngati mukufuna kuyesa ndi pulogalamu, ikani Thunderbird, imene imalankhula ndi seva mwachindunji, ndipo pa dzina la seva mulembe dzina la seva ya kampani yatsopanoyo, limene lili kale mu DNS ndipo lili ndi satifiketi yake. Mukatero hosts simukuifunanso. Tumizani kalata kuchokera m'bokosi latsopano kupita ku Gmail yanu, ndipo ikafika mutsegule Show original muone ngati SPF ndi DKIM, njira ziwiri zotsimikizira kuti kalata yachokeradi ku dzina lanu, zalembedwa PASS. Zimenezi n'zofunika chifukwa kuyambira February 2024 Google imafuna kuti aliyense wotumiza ku Gmail akhale ndi chimodzi mwa ziwirizi, ndipo rekodi yanu ya SPF pakali pano ikutchula seva yakale yokha. Mukapanda kuwonjezeramo yatsopano, makalata anu opita kwa makasitomala akhoza kuyamba kugwera mu spam kapena kubwezedwa, ndipo zimenezi zimakonzedwa mu DNS, osati mu hosts. Mu Thunderbird momwemo mukhoza kuikamo mabokosi onse awiri n'kukopera mafoda kuchoka ku lakale kupita ku latsopano, ngakhale kuti makalata akakhala ambiri ndi bwino kupempha a kampani yatsopano kuti akusamutsireni ndi chida monga imapsync.

Pa za tsiku losamukalo, rekodi iliyonse ya DNS ili ndi nambala yotchedwa TTL, imene imauza maseva ena kuti asunge yankholo kwa masekondi angati. Kawirikawiri imakhala 14400, amene ndi maola anayi, kapena 86400, limene ndi tsiku lathunthu. Itsitseni kufika pa 300 pa rekodi ya webusaiti, ya mail ndi ya MX, dikirani kuti nthawi ya TTL yakaleyo ithe, ndipo pokhapo sinthani maadiresi. Mukatero anthu ambiri adzaona kusinthako m'mphindi zochepa. Sankhani usiku wa Loweruka kapena nthawi ina imene malole anyamuka kale ndipo mafoni achepa, ndipo popeza Disembala wayandikira, ndingakonde kuti muchite zimenezi sabata ino kapena yamawa, apo ayi mudikire mpaka Januwale. Dziwaninso kuti seva yotumiza ikapeza kuti yolandira siikuyankha, siitaya kalata nthawi yomweyo, imayesanso kwa masiku angapo, ndipo malamulo a SMTP, njira imene maseva amatumizirana imelo, amalimbikitsa masiku anayi kapena asanu. Choopsa chenicheni ndi bokosi limene kulibe: ngati adiresi ina, monga ya accounts kapena ya mnzanu wa ku ofesi ya ku Blantyre, simunaitsegule pa seva yatsopano, kalata yopita kumeneko idzabwezedwa nthawi yomweyo. Lembani maadiresi onse amene alipo pa seva yakale, ndi onse amene amangopatsira makalata kwina, ndipo muwatsegule kaye kutsidyako.

Akaunti ya ku kampani yakale musaitseke tsiku lomwelo. Isiyeni kwa sabata imodzi kapena ziwiri, muzilowa pa webmail yake tsiku lililonse kuona ngati mwagwera kalata yochedwa, ndipo pa Email Routing yake, ngati ndi cPanel, musankhe Remote Mail Exchanger kuti makalata ochokera kwa anthu ena a pa seva yomweyo asamagwerenso m'bokosi lakale. DNS ikasintha ndipo nslookup ikayamba kuonetsa 203.0.113.25, bwererani ku fayilo ya hosts pa makompyuta onse awiri mukafufute mizere imene munalemba. Mukaisiya, tsiku limene kampaniyo idzasinthe adiresi ya seva, makasitomala onse adzakhala akuona webusaiti bwinobwino, koma laputopu yanu ndi kompyuta ya mu ofesi zokha zidzakhala zikugogoda pa nambala imene kulibenso munthu.